Kumanga Kompyuta ku Neno Amuna Anga Atasiya Kuona

Tinapita ku Neno chifukwa amuna anga anawasamutsira kumeneko. Iwo anali kalaliki wosunga chiwerengero cha odwala ndi mankhwala, ine ndinali wotayipa makalata, ndiye akuluakulu anaona chapafupi kutitumiza tonse ku ofesi imodzi ya zaumoyo. Kwawo kunali ku Kasungu, kwathu ku Ntcheu. Ku Neno tinalibe m'bale, ndipo mwana sitinakhale naye. Zipani zinali zitachuluka kale, chisankho chachiwiri chitadutsa, ndipo pamsika azimayi ankagulitsa manachesi ndi mbatata atavala nsalu za nkhope za andale osiyanasiyana, wina pafupi ndi mnzake, popanda wofunsa. Neno inali isanakhale boma payokha. Makalata athu ankadzera ku Mwanza, ndipo mvula ikagwa msewu wokwera phiri uja unkaterera, makalata n'kumadikira kumunsi.

Ndale zitasintha, mabungwe akunja anayambanso kutumiza thandizo, ndipo zina mwa zimene ankatumiza zinali zinthu zomwe eni ake anatopa nazo. Umu ndi mmene ofesi yathu inapezera makompyuta akale, achikasu chifukwa cha ukalamba. Awiri anatsala pa ofesi yathu, imodzi inapita ku chipatala cha ku Lisungwi, kumunsi kwa phiri. Anali ofooka. Ukaikamo mapulogalamu a masiku amenewo, kompyuta inkangolira m'kati, osachita kanthu. Amuna anga anali ataphunzirako za makompyuta ku Zomba, ndipo anati njira ilipo: kumanga pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta kuyambira pansi, n'kusankha zokhazo zimene makina ofookawo angathe kunyamula.

Anandifotokozera motere. Pulogalamu iliyonse imayamba ngati mawu olembedwa ndi munthu. Kompyuta singagwiritse ntchito mawuwo mpaka pulogalamu ina, imene ankaitcha kompaila, itawasandutsa chinthu chimene makina amamva. Mawuwo ankabwera m'mitolo, iwo ankati mapaketi, ndipo analipo ambiri: ina ya zilembo za pa sikirini, ina ya pulinta, ina yosungira chiwerengero. Paketi iliyonse inali ndi nambala yosonyeza kuti ndi yakale kapena yatsopano. Vuto linali lakuti paketi ina sinkamangika inzake isanamangidwe, ndipo ina inkafuna inzake ya nambala yakutiyakuti basi, osati yatsopano, osatinso yakale. Ukasokoneza ndondomeko, unkadikira tsiku lonse zilembo zikuthamanga pa sikirini, kenako zonse n'kuima.

Choncho anali ndi malangizo awo. Anawatenga m'buku limene anthu ena analemba pa intaneti, n'kuwasintha kuti agwirizane ndi makina athu. Magetsi kunalibe. Jenereta ya chipatala inkayaka m'mawa n'kuzima masana, ndipo zimenezo zinkatheka dizilo akakhalapo. Iwo analemba malo onse amene munthu angaimire popanda kuwononga ntchito, ndiponso mmene angapitirizire mawa lake. Kunali kagulu ka anthu m'mayiko osiyanasiyana, amene nawonso anali ndi makina akale ndi magetsi ovuta, ndipo ankagwiritsa ntchito malangizo a amuna angawo. Mwezi ukatha ankatsikira ku Blantyre, madisiketi ali m'thumba la jekete, n'kukalowa m'kashopu kena kamene kankalipiritsa intaneti. Kumeneko ankatenga maimelo a kaguluko ndi kutumiza zimene asintha. Mapaketi akuluakulu ankawatenga pa masidi kwa mnzawo wina wa ku koleji.

Ine poyamba sizinkandikhudza. Ndinkatayipa makalata pa makina anga amanja pafupi ndi zenera, iwo ali pakona ndi zilembo zawo. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mapepala a ku Nsambe, ku Dambe ndi ku Midzemba akabwera, iwo ankawalowetsa m'kompyuta, lipoti la mwezi n'kutuluka, ndipo mankhwala ankaitanitsidwa potengera lipotilo.

Patapita zaka zingapo anayamba kudwaladwala. Chifuwa, kutentha thupi, kenako thalauza inayamba kuwakulira. Matendawo tonse tinkawadziwa, pajatu tinkagwira ntchito pachipatala, koma sitinkawatchula ngakhale tili awiri. Mankhwala ake tinkangomva kuti ali m'tauni, ndipo ndi a anthu ena, osati ife.

Tsiku lina ndinawaona atayandikitsa nkhope pa sikirini, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Mayi, tabwerani," anatero. "Mzere womalizawu ukuti chiyani?"

"Simukuuona kodi?"

"Ndikuona timadontho takuda tikuyandama. Werengani basi."

Ndinawerenga. Chinali Chingelezi koma chosakhala Chingelezi, mawu odulidwa, timizere ndi timadontho. Ena ndinawatchula chilembo chimodzichimodzi. Iwo anatsinzina n'kumamvetsera.

"Ikusowa inzake," anatero. "Tadumpha paketi imodzi. Tsegulani malangizo, mupite pamene palembedwa za pulinta."

Kuyambira tsiku limenelo mpando wanga unasamukira pakona. Bwana wathu, dokotala woyang'anira chipatalacho, analowa n'kutipeza choncho, ine ndili pa kiyibodi, amuna anga atakhala pambali manja ali pamaondo.

"Malipoti akamatuluka, ine ndilibe mawu," anatero, n'kutuluka.

Sindinganene kuti anandiphunzitsa, chifukwa sitinakhalepo pansi kuti lero tiphunzire. Iwo ankanena, ine ndinkatayipa. Zilembo zikaima ndinkawerenga, iwo n'kufunsa kuti ikufuna paketi iti, ya nambala yanji, nanga ife tili ndi nambala yanji. Tikakonza chinthu ankandiuza kuti ndilembe m'malangizo muja nthawi yomweyo, jenereta isanazime. Ndikalemba mwachidule ankandibweza.

"Musangolemba kuti chitani chakuti. Lembaninso chifukwa chake. Wobwera pambuyo adzafuna kudziwa ngati chifukwacho chidakalipo."

Maso aja anapitirira kuzima. Diso lakumanzere linayamba, lakumanja n'kutsatira. M'mawa ndinkawagwira mkono kuchokera kunyumba mpaka ku ofesi, tikudutsa pamsika, anthu n'kumawapatsa moni mokweza mawu ngati kuti ndi makutu amene anafa. Ulendo wa ku Blantyre unakhala wanga. Ananditchulira dzina la kashopu kaja, mmene ndingatsegulire maimelo, ndi kumene mnzawo wa ku koleji ankapezeka. Ndinkabwera ndi mapepala osindikiza n'kumawawerengera pakhonde dzuwa likupendeka.

M'kagulu kaja munali bambo wina wa kudziko lozizira amene ankalemba kawirikawiri. Iyeyo ankadziwa kukonza mawu a m'kati mwa mapaketi. Akapeza cholakwika ankatumiza kafayilo kakang'ono kosintha mizere yochepa, amuna anga ankati chigamba. Ulendo wina anatumiza chigamba cha pulinta n'kupempha kuti tichiyese msanga, ngati n'kotheka tsiku lomwelo. Nditawerenga, amuna anga anaseka mpaka kutsokomola.

"Munthu ameneyu sadziwa kuti kuno pulinta imadikira dizilo," anatero. "Mumuyankhe mwaulemu. Ndi munthu wabwino."

Anamwalira nthawi ya dzinja, m'mawa, mu wodi ya amuna ya chipatala chomwecho. Ndinali nditakhala pambali pa bedi. Namwino anawafunditsa nsalu kumaso, ndipo nthawi yomweyo ndinamva jenereta ikuyaka kuseri kwa ofesi. Ndinaganiza kuti dizilo wabwera. Ndi chimene ndinaganiza.

Thupi tinapita nalo ku Kasungu pa galimoto ya chipatala. Potsika phiri inatitimira m'matope, ndipo amuna a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu n'kutikankha, atavula zipewa. Ine ndinali kumbuyo pafupi ndi bokosi, nditaligwira kuti lisatsetsereke. Kumaliro azimayi ankalira, inenso ndinkatulutsa mawu chifukwa ndi mmene zimakhalira, koma misozi sinabwere. Apongozi anga aakazi anandiyang'ana nthawi yaitali. Abale awo atabwera ku Neno kudzatenga katundu, anatenga zovala, wailesi, njinga ndi mipando. Sindinakane chilichonse. Alamu anga anafunsa za kompyuta imene anamva kuti malemu ankakonda. Ndinati ndi ya boma, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amayi anga anati ndibwerere kwathu ku Ntcheu. Ndinabwerera ku Neno chifukwa ntchito inali kumeneko, ndipo sindinkatha kuganiza za chinthu china chatsopano.

Pafupi ndi nyumba yathu pankakhala mayi wina wogulitsa mbatata pamsika, wa mvano kutchalitchi kwawo. Iyeyo ankandibweretsera ndiwo madzulo, n'kukhala pamkeka mpaka nditadya.

"Lirani, achemwali," ankatero. "Mukapanda kulira zidzakudwalitsani."

"Ndamva," ndinkayankha.

Ndinkadya zimene wabweretsa. Sindinkamva ngati muli mchere kapena ayi. M'mawa ndinkadzuka, kusamba, kupita ku ofesi. Mpando wa amuna anga unali pakona pomwe paja, ndipo tsiku lina mesenjala anautenga kupita nawo ku ofesi ina kumene kunali msonkhano. Sunabwerenso, ndipo sindinaufunse.

Mvula itatha, kompyuta ya ku Lisungwi inafa. Wothandizira dokotala wa kumeneko anabwera nayo pa njinga yamoto, ataikulunga m'bulangete n'kuimanga ndi mphira. Anati inangozima, ndipo akaiyatsa imalira ngati muli mwala. Vuto linali kachipangizo kosungira zonse kamene kanawonongeka ndi kutentha kwa kumunsi kuja. Kena kanalipo m'kabati, kamene amuna anga anasunga, koma kanali kopanda kanthu m'kati. Zonse zinafunika kumangidwanso kuyambira pansi.

Bwana anandiyang'ana. "Mayi, mungathe?"

"Ndiyesa," ndinatero.

Ndinatulutsa masidi akale. Imodzi inali itachita nkhungu, ndipo nditaipukuta inakanabe kuwerengeka. Ndinatsikira ku Blantyre kwa mnzawo wa ku koleji uja. Anandipepesa, n'kundipatsa sidi ina, koma anati mapaketi akale alibenso, amene ali nawo ndi atsopano. Nditafika ku Neno ndinaona kuti manambala ambiri sakufanana ndi a m'malangizo.

Ndinayamba choncho. Zoyambirira zinamangika bwino. Kompaila inatenga masiku, chifukwa jenereta ikazima ndinkaimira pamene malangizo ananena, mawa n'kupitiriza. Mapaketi ena anadandaula pang'ono koma anadutsa, ndipo paliponse pamene nambala yasintha ndinkalemba. Ndinafika pa pulogalamu yotulutsa lipoti la mwezi, imene inali chifukwa cha ntchito yonseyi. Zilembo zinathamanga pang'ono n'kuima. Ndinawerenga mzere womaliza mokweza, monga ndinazolowera. M'chipindamo ndinali ndekha. Ndinauwerenganso chamumtima.

Unkati sukupeza chinthu china m'paketi yosungira chiwerengero. Paketiyo inalipo, ndinali nditaimanga ndekha. Ndinaimanganso, zinakana chimodzimodzi. Ndinaganiza zobwerera ku yakale, ndipo ndinaipeza pa disiketi ina m'kabati. Koma yakaleyo inkafuna inzake yakalenso, ndipo inzakeyo sinkamangika ndi kompaila yatsopano. Ndinazungulira pamenepo milungu ingapo. Wothandizira dokotala wa ku Lisungwi anabwerera ku zolemba pamanja, ndipo akakumana nane ankangofunsa ndi maso. Sindinkakwiya, sindinkadandaulanso. Zikakana ndinkalemba chimene ndayesa, n'kuyesa china.

Pomaliza ndinatsegula kafayilo kamene eni paketi yatsopanoyo analembamo zimene asintha. Kanali kataliko, ndipo ndinakawerenga mzere ndi mzere. Chapakati analemba kuti chinthu chija anachisintha dzina. Pulogalamu yathu inkaitana dzina lakale. Ndinadziwa vuto, koma kukonza mawu a m'kati sindinkadziwa. Panafunika chigamba.

Mwezi utatha ndinapita ku kashopu kaja. Kuyambira pamene amuna anga anamwalira ndinali ndisanalembere kaguluko. Munali maimelo ambiri, ena ofunsa chifukwa chake malangizo sakusinthidwa. Ndinalemba uthenga umodzi. Ndinati amene ankasamalira malangizowa anamwalira, ine ndine mkazi wawo, ndipo pulogalamu ya malipoti ikukana kumangika chifukwa paketi yakuti inasintha dzina la chinthu chakuti. Ndinaikapo manambala onse ndi mzere womaliza uja. Nditawerenganso ndinaona kuti za imfa zatenga mzere umodzi, za paketi mizere yambiri. Ndinatumiza choncho.

Mayankho ndinawapeza mwezi wotsatira. Ambiri anali opepesa. Bambo wa kudziko lozizira uja anatumiza chigamba, ndiponso uthenga wautali. Anati analemberana ndi amuna anga kwa zaka, koma sankadziwa kuti akudwala, sankadziwa kuti ali pabanja, ndipo Neno anaifunafuna pa mapu osaipeza. Anati akuchita manyazi kuti ankawafulumizitsa. Ndinawerenga mpaka kumapeto. Mtsikana wa m'kashopumo anandiuza kuti nthawi yanga ikutha. Ndinakopera chigambacho pa disiketi, ndinayankha kuti zikomo, n'kutuluka kukakwera minibasi ya ku Zalewa. Ndikukumbuka kuti nsapato zinkandithina.

Chigamba chinathetsa vuto la dzina, koma chinaonetsa lina. Paketi yatsopano ija inkafuna kuti ina, imene kale tinkaimanga pambuyo, tsopano imangidwe patsogolo. Limeneli ndinalipeza ndekha, chifukwa mzere womaliza unanena momveka. Ndinasintha ndondomeko, ndinayambiranso pamalo pamene zinasokonekera, ndipo tsiku lina chakumasana zilembo zinathamanga mpaka kumapeto osaima. Ndinalowetsa mapepala a mwezi umodzi kuti ndiyese. Pulinta inakoka pepala n'kuyamba phokoso lake.

Bwana analowa atamva phokosolo. Anatenga pepalalo n'kuliyang'ana.

"Zikomo, mayi," anatero. "Malemu akanakondwa."

"Inde, bwana."

Anaima ngati akudikira kuti ndinene zina. Ine ndinali nditatsegula kale malangizo kuti ndilembe zimene ndasintha, chifukwa jenereta inali pafupi kuzima. Pamwamba pa malangizowo panali dzina la amuna anga monga wowasamalira. Kagulu kaja kanafunsa kuti palembedwe chiyani tsopano. Ndinalisiya dzinalo, langa n'kuliika pansi pake.

Ndinapitiriza ntchitoyo kwa nthawi ndithu. Paketi yatsopano ikatuluka ndinkaiyesa pa kompyuta yachiwiri ya mu ofesi, kuona chimene yathyola, n'kulemba. Anthu a m'kaguluko ankanditumizira zimene apeza, ine n'kuziyesa pa makina athu ofooka ndisanazilowetse m'malangizo. Zina ndinkazikana, chifukwa zinkafuna makina amphamvu. Ndinkalemba kukanako mwaulemu.

Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi ndi kudikira. Umatayipa mzere umodzi, kenako n'kukhala. Zilembo zoyera zimakwera pa sikirini yakuda, mofulumira moti sungaziwerenge. Anthu akasuzumira pakhomo ankaona kuti ndatanganidwa, n'kubwerera. Inali nthawi yokhayo imene panalibe wondiuza kuti ndilimbe mtima kapena kuti ndilire. Ndinkangoyang'ana. Sindinkakumbukira zakale, sindinkaganizanso zamawa. Jenereta ikazima, chipinda chinkakhala zii, ndipo ndinkafunditsa makinawo nsalu kuopa fumbi, n'kumapita.

Kenako Neno inakhala boma payokha. Kunabwera maofesala atsopano, magalimoto, ndi makompyuta atsopano m'makatoni, okhala ndi mapulogalamu awo kale. Ofesala wa za makompyuta wochokera ku Lilongwe anakhala nane pansi n'kufunsa mmene tinkachitira. Ndinamuonetsa. Anamvetsera bwino, anawerengako malangizo aja, ndipo anati ndi ntchito yaikulu. Kenako ananena mosamala kuti makina akalewo apite kosungira katundu, chifukwa lipoti tsopano lizituluka mwa njira ina imene maboma onse akugwiritsa ntchito. Sankalakwa. Kompyuta yatsopano inkachita m'kanthawi kochepa zimene zathu zinkachita tsiku lonse. Ndinamuthandiza kunyamula.

Ndinalembera kagulu kaja kuti ndilibenso makina oyesera. Mphunzitsi wina wamkazi wa kudziko lina la mu Africa muno anati atenga ntchitoyo. Ndinamutumizira malangizo onse, zigamba zonse, ndi mndandanda wa zimene ndinali ndisanamalize kuyesa. Anandifunsa mafunso kwa miyezi ingapo, kenako anasiya kufunsa, ndipo inenso ndinasiya kupita ku kashopu kaja.

Mankhwala aja atayamba kuperekedwa mwaulere, mayi wogulitsa mbatata anandiperekeza kukayezetsa. Anasiyira mnzake malonda ake n'kukhala nane pabenchi. Ndinapezeka nako kachilombo, monga ndinkayembekezera. Iye analira, ine ndinamugwira dzanja mpaka anatonthola. Ndinayamba kumwa mankhwala, ndipo ndikumwabe.

Pambuyo pake anandisamutsira ku Balaka. Chisoni chinabwera ndili kumeneko, mochedwa, pang'onopang'ono, koma imeneyo si nkhani ya ku Neno. Zambiri zimene ndinkadziwa ndinaiwala, manambala, ndondomeko, mayina a mapaketi. Kompyuta ya pa desiki langa ikavuta ndinkaitana a ofesi ya makompyuta ngati wina aliyense, n'kuima pambali mpaka atamaliza.